Mafunso a Owerenga: Pemphero linandiuma, kodi ndiye kuti sindinasankhidwe?

FUNSO

Abusa,

Ndine mayi wa ana anayi, ndimakhala kufupi ndi Monkey Bay ndipo ndimachita geni ya usipa. Ndinabatizidwa mu CCAP ndili khanda, kalasi ndinalowa, ukwati wanga ndi wodalitsa, ndipo ndine wa Mvano. Mu Januwale 2023 mwana wanga wachitsiriza, wamkazi wa zaka zitatu, anamwalira ndi kolera. Anayamba kudwala usiku, pofika madzulo a tsiku linalo n'kuti atatisiya. Sitinamusambitse, sitinagone naye m'nyumba, anaikidwa tsiku lomwelo. Chichokereni kumanda kuja pemphero linauma pakamwa panga. Ndikagwada mawu sabwera. Yunifolomu ili m'sutikesi. Ku Mgonero ndinasiya kupita chifukwa ndimaona ngati ndikukanamiza Mulungu.

Anansi anga achisilamu, amene anandigwira dzanja kwambiri pa zovutazo, amanditonthoza kuti zonse zinalembedwa kale. Koma mwezi wathawu mlaliki wina pa msonkhano wa chitsitsimutso anati Mulungu anasankhiratu anthu ake dziko lisanalengedwe, ndipo wosankhidwa sakayika, amadziwa yekha mumtima. Anati amene akukayika adzifunse bwino. Kuyambira tsiku limenelo tulo sindikuliona. Kodi kuuma kwa mtima wangaku ndi chizindikiro choti sindinasankhidwe? Nanga mwana wanga ali kuti?

Mayi wosweka mtima, Monkey Bay

YANKHO

Mayi, pepani. Pepani ndithu. Maliro a kolera ankapweteka pawiri: imfa yake yothamanga, ndiponso kuika kwake kopanda mwambo. Kwathu kuno maliro n'kulirana. Timagona pasiwa, amayi amaimba mpaka mbandakucha, ndipo kulira kuja kumapepuza mtima pang'onopang'ono. Inu zimenezi zinakudutsani. Mliri wa 2022 ndi 2023 unatenga anthu oposa 1,700 m'dziko muno, ndipo Mangochi inali pakati pa maboma amene anakhudzidwa koposa. Unalowa m'nyumba za Akhristu ndi za Asilamu, za opemphera ndi za osapemphera, chifukwa kolera imayenda ndi madzi kapena chakudya chimene mwalowa tizilombo. Siyendera machimo a munthu. Ndanena zimenezi chifukwa m'kalata mwanu ndikumvamo funso lina limene simunalilembe, lakuti kapena mwanayo anafera kulakwa kwanu. Ophunzira atafunsa Yesu za munthu wobadwa wosaona, kuti anachimwa ndani, iyeyo kapena makolo ake, Yesu anakana zonse ziwiri (Yohane 9:1-3). Mtolo umenewo musausenze, si wanu.

Ndiyambe ndi funso lanu lomaliza, chifukwa ndikuganiza kuti ndi limene limakudzutsani pakati pa usiku.

Kuyambira Novembala 1618 mpaka Meyi 1619 atsogoleri a mipingo ya Reformed anasonkhana mumzinda wa Dordrecht ku Netherlands, pa nkhani yomweyi ya kusankhidwa, chifukwa otsatira a Jacobus Arminius anali atatsutsa zina mwa zimene mpingo unkaphunzitsa. Zimene anagwirizana kumeneko timazitcha mfundo za ku Dort, ndipo kuno zinafika makamaka ndi amishonale a Dutch Reformed amene anayamba ntchito ku Mvera mu 1889, kumene kunaphukira Sinodi ya Nkhoma. Ambiri amayesa kuti ndi chikalata chouma, chongoyenera ophunzira za ubusa ku Zomba ndi ku Nkhoma. Koma amene anazilemba anali abusa a mipingo imene inkaika makanda kawirikawiri, ndipo otsutsana nawo ankawanena kuti chiphunzitso chawo chimaponya ana osalakwa kumoto. Iwo anakana kwa mtu wa galu kuti saphunzitsa zimenezo, ndipo m'gawo loyamba, ndime ya 17, analemba kuti ana a okhulupirira ndi opatulika, osati chifukwa cha chibadwa chawo koma chifukwa cha pangano la chisomo limene alimo pamodzi ndi makolo awo, choncho makolo asakayike za kusankhidwa ndi chipulumutso cha ana awo amene Mulungu wawaitana akadali aang'ono. Sanalembe kuti makolo ayembekeze mwina. Analemba kuti asakayike.

Davide, mwana wake wakhanda atamwalira, anati mwanayo sadzabwerera kwa iye, koma iyeyo ndiye adzapita kumene kuli mwanayo (2 Samueli 12:23). Ndipo Yesu anapsa mtima ophunzira atayesa kuthamangitsa ana, n'kunena kuti Ufumu wa Mulungu ndi wa otere (Marko 10:14). Mwana wanu wa zaka zitatu analibe kalasi imene analowa, analibe chopereka chimene anapereka, analibe umboni woimirira nawo kutsogolo. Chipulumutso chikanakhala choyambira kwa munthu, tikanasowa chokuuzani. Koma chimayambira kwa Mulungu, ndipo n'chifukwa chake ndingathe kukuuzani mosajejema kuti mwana wanu ali m'manja mwa Yesu. Chiphunzitso chimene chakusowetsani tulochi n'chomwecho chimene chikumusunga mwanayo.

Tsopano za mlaliki uja. Theka loyamba ananena zoona. Theka lachiwiri analakwitsa, ndipo ndi kulakwitsa koopsa, chifukwa kumagwetsa anthu amene ali kale pansi. Palibe pamene Baibulo limanena kuti wosankhidwa sakayika. Yohane M'batizi ndi amene analoza Yesu ku Yordano kuti ndiye Mwanawankhosa wa Mulungu. Yemweyo atatsekeredwa m'ndende ya Herode anatuma ophunzira ake kukafunsa kuti, kodi ndinu wakudzayo, kapena tidikire wina? Yesu sanamuchotse m'gulu. Anamutumizira yankho, kenaka n'kutembenukira khamu n'kunena kuti mwa obadwa mwa akazi sanauke wamkulu woposa Yohane (Mateyu 11:2-11). Salimo 88 ndi pemphero la munthu amene akuona kuti Mulungu wamutaya, ndipo limathera mumdima, lopanda aleluya kumapeto, koma Mzimu Woyera analisunga m'Buku. Bambo wa mwana wodwala uja anangotha kunena kuti, ndikhulupirira, thandizani kusakhulupirira kwanga (Marko 9:24), ndipo Yesu anamuchiritsira mwana wake pa chikhulupiriro chotsimphina chomwecho.

Makolo athu m'chikhulupiriro ankazidziwa bwino zimenezi. Chivomerezo cha ku Westminster cha 1646, chimene mbali yathu ya Blantyre inalandira kuchokera ku Scotland, chimanena m'mutu wa 18 kuti wokhulupirira weniweni angadikire nthawi yaitali asanakhale ndi chitsimikizo, ndipo chitsimikizocho chingagwedezeke, kuchepa, ngakhale kuzimirira kwa kanthawi, koma mbewu ya Mulungu mwa iye siifa. M'mutu wachitatu chimachenjeza kuti nkhani ya kusankhidwa izigwiridwa mosamala kwambiri. Ndikanakonda aliyense wopempha maikolofoni pa chitsitsimutso akanayamba wawerenga chenjezo limenelo. A ku Dort aja, m'ndime ya 16, analankhula ndi munthu ngati inuyo: amene sakumva chikhulupiriro chamoyo mwa iye, kapena mtendere wa mumtima, asachite mantha akamva za otayika, ndipo asadziwerengere yekha m'gulu lawo, koma apitirize kugwiritsa ntchito njira zimene Mulungu anaika, chifukwa Mulungu analonjeza kuti bango lophwanyika sadzalithyola ndipo nyali yofuka sadzaizima (Yesaya 42:3).

Nanga chiphunzitso chimenechi chinaperekedwa kuti chitani? Taonani nthawi imene Paulo akuitchula pa Aefeso 1:4, kuti Mulungu anatisankha mwa Khristu dziko lisanakhazikike. Nthawi imeneyo munali musanavale duku loyera, musanaloweze vesi, musanagwadepo. Mose anauza Aisraeli zomwezo, kuti Yehova sanawasankhe chifukwa anali ambiri, popeza anali ochepetsetsa mwa mitundu yonse, koma chifukwa anawakonda (Deuteronomo 7:7-8). Chifukwa chake chili mwa Iyeyo. Ndiye ngati si kutentha kwa mapemphero anu kumene kunayambitsa chikondi chimenechi, si kuuma kwa mapemphero anu kumene kudzachithetse. Yesu anauza ophunzira ake usiku womwe anali pafupi kumuthawa kuti, simunandisankhe ndinu, ndinakusankhani ndine (Yohane 15:16). Ankadziwa bwino lomwe zimene achite pasanathe maola ochepa.

Nkhani ya Petro ndi imene ine ndimabwererako nthawi zambiri ndikakhala ndi munthu wofooka. Petro analumbira kuti ali wokonzeka kupita ndi Ambuye kundende ngakhale kuimfa. Tambala asanalire anali atamukana katatu, pamaso pa mtsikana wantchito ndi anthu owotha moto, mpaka kudzitemberera. Tikanati tiyeze Petro ndi muyeso wa mlaliki wanu usiku umenewo, tikanamulemba m'gulu la otayika. Koma zisanachitike zonsezi Yesu anali atamuuza kale kuti, Simoni, Simoni, Satana wapempha kuti akupeteni ngati tirigu, koma ine ndakupempherera kuti chikhulupiriro chako chisazime (Luka 22:31-32). Sanamulonjeze kuti sadzapetedwa. Anapetedwa ndithu, analira ndi kuwawa mtima. Chimene chinamusunga si lumbiro lake lija, limene linasweka usiku womwewo, koma pemphero la Yesu. Ndipo Yesu analankhula za kubwerera kwa Petro ngati chinthu chotsimikizika, mpaka kumupatsiratu ntchito yoti akadzabwerera alimbikitse abale ake. Mayi, inu mukuti simukutha kupemphera. Aroma 8:34 akunena kuti Khristu ali kudzanja lamanja la Mulungu ndipo akutipempherera. Ndime ya 26 ya mutu womwewo ikunena kuti pamene sitidziwa chopempha, Mzimu amatipempherera ndi zobuula zosatheka kuneneka. Kugwada kwanu kopanda mawu kuja sikupita pachabe.

Inu nyanja mumaidziwa kuposa ine. Mwera ukalipeza boti pakati pa madzi, mumakhala anthu a mitundu iwiri: wina wagwira m'mphepete akunjenjemera ndi kusanza, wina wafunda chitenje wagona tulo. Boti likafika padoko amatsika onse, wamantha uja ndi wolimba mtima uja, chifukwa chimene chawaolotsa ndi boti ndi woliyendetsa. Mantha amangopangitsa ulendo kukhala wowawa. Fanizo langali lili ndi polekezera, pakuti maboti athu amamira ndithu ndipo tonse kunyanja kuno tinalirapo anthu otere. Koma za nkhosa zake Yesu anati sizidzatayika nthawi zonse, ndipo palibe adzazikwatula m'dzanja lake, kapena m'dzanja la Atate (Yohane 10:28-29).

Mwina mukuti, zonsezi n'zabwino kwa wosankhidwa, nanga ine ndidziwa bwanji kuti ndilimo? Apa m'pamene anthu ambiri amasochera, chifukwa amafuna kusuzumira m'buku limene silinapatsidwe kwa ife. Zinsinsi n'za Yehova, zovumbulutsidwa ndiye zathu ndi za ana athu (Deuteronomo 29:29). Palibe mbusa, mneneri kapena mlaliki amene anaonapo mndandanda umenewo, ndipo wokuuzani kuti wauona m'masomphenya mumuthawe. John Calvin wa ku Geneva, amene anthu amamunena kuti ndiye mwini chiphunzitso cholimbachi ngakhale Augustine wa ku Hippo, kumpoto kwa Africa, anachiphunzitsa zaka zoposa 1,000 iye asanabadwe, analangiza kuti wofuna kudziwa za kusankhidwa kwake asayang'ane mwa iye yekha, koma ayang'ane Khristu, chifukwa tinasankhidwa mwa Iyeyo. Werengani Yohane 6:37 pang'onopang'ono. Mbali yoyamba ikuti onse amene Atate apereka kwa Mwana adzadza kwa Iye. Imeneyo ndi mbali ya Mulungu, simungaione. Mbali yachiwiri ikuti wakudza kwa Ine sindidzamutaya kunja. Imeneyo ndiye yanu. Sananene kuti wakudza akuimba, kapena wakudza wopanda mafunso. Funso loti mudzifunse si lakuti dzina langa lilimo kodi, koma lakuti kodi ndili ndi kwina kopita kupatula kwa Yesu? Ngati mulibe, pitani momwe mulilimo.

Ndiwonjezere chimene ndachiona m'kalata mwanu, ngakhale sindifuna kuti mumangepo nyumba. Munthu amene Mulungu alibe naye ntchito pamtima sasowa tulo chifukwa pemphero lamuuma. Amagona bwinobwino, m'mawa n'kulawirira kudoko. Pakati pa zipatso za kusankhidwa zimene a ku Dort anatchula pali chisoni cha kwa Mulungu ndiponso njala ndi ludzu la chilungamo. Njala si yokoma, koma wakufa samva njala. Ngakhale kuopa kwanu kunamiza Mulungu pa gome lake kukusonyeza kuti mukumulemekezabe.

Anansi anu achisilamu muwathokoze. Anachita zimene mnansi ayenera kuchita, ndipo kuno ku Mangochi timadziwa kuti pamaliro sitifunsana mpingo. Pa mfundo yakuti palibe chimachitika Mulungu asakudziwa, ife ndi iwo sitikangana. Koma Mkhristu ali ndi china chowonjezera pa mawu akuti zinalembedwa. Iye amene analemba ndi yemwe sanatimane Mwana wake wa Iye yekha koma anamupereka chifukwa cha ife (Aroma 8:32). Mulungu amene mukumukwiyira mwakachetechete anaonapo Mwana wake akuikidwa m'manda mofulumira, dzuwa lisanalowe, amayi osapeza mpata womudzoza zonunkhira mpaka Sabata litapita. Chifukwa chimene analolera kuti mwana wanu apite ali ndi zaka zitatu sanatiuze, ndipo amene angakuuzeni kuti akuchidziwa akungolankhula. Ngati mwamukwiyira, muuzeni. Yobu anamuuza, ndipo pamapeto Mulungu anadzudzula anzake a Yobu aja, amene anali ndi mayankho okonzakonza.

Tilinso ndi owerenga a Katolika, a Assemblies of God ndi a mipingo ina imene nkhani ya kusankhidwa imailongosola mosiyana ndi mmene ndafotokozeramu. Sindikuyambitsa mtsutso. Abale a Anglican a ku Malindi, Nkope ndi Mpondasi akayang'ana ndime ya 17 ya mfundo zawo 39 apeza kuti imanena zomwezi, kuti chiphunzitsochi n'chodzaza ndi chitonthozo chokoma kwa oopa Mulungu, koma n'choopsa kwa ongofuna kuchiseweretsa.

Zochita zilipo zochepa. Pitani kwa abusa a mpingo wanu tsiku la pakati pa sabata, kapena kwa mkulu wa mlaga wanu, muwauze zimene mwandiuza ine. Pemphani kuti mpingo ubwere kunyumba kudzachita mapemphero okumbukira mwanayo, amayi a Mvano aimbe nyimbo zimene akanaimba usiku wa pasiwa, mulire mokweza mmene mukanalirira. Ngati pali kuthekera komanga chiliza, imeneyo ingakhale nthawi yake. Ku Mgonero bwererani. Gome limenelo silinakonzedwere amphamvu, ndipo oyamba kudyapo anathawa onse usiku womwewo. Mawu akakana kubwera, tengani Salimo 13, 42 kapena 88 muwerenge mokweza, akhale pemphero lanu la tsikulo. Yunifolomu musaikakamize, idzatuluka m'sutikesi nthawi yake. Ndipo ngati kusowa tulo kukupitirira, chakudya sichikulowa, kapena mwayamba kuganiza zodzichotsera moyo, pitani kuchipatala mukawafotokozere, osadikira. Chisoni chokhalitsa chimadwalitsa thupi ndi maganizo, ndipo kulandira thandizo la achipatala si kuchepa kwa chikhulupiriro.

FUNSO

Abusa, ndine wachinyamata wa mpingo waung'ono kuno ku Namwera. Takhala tikuyenda khomo ndi khomo koma sitikuona otembenuka. Mnzanga akuti ngati Mulungu anasankha kale, tikudzivutiranji, osankhidwawo adzabwera okha. Akutinso wosankhidwa ngakhale achimwe bwanji sangatayike. Ndimuyankhe chiyani?

Mnyamata wa ku Namwera

YANKHO

Mwana wanga, mnzakoyo watenga mankhwala a munthu wosweka mtima n'kuwasandutsa pilo. Za kuchimwa mwadala Paulo anayankha kale ndi mawu amodzi: msatero ayi (Aroma 6:1-2). Vesi yomwe imanena kuti tinasankhidwa dziko lisanakhazikike imapitiriza kuti tikhale oyera ndi opanda chilema pamaso pake. Wonena kuti ndine wosankhidwa choncho ndichimwe mmene ndifunira, ameneyo ndiye woyenera kudzifunsa bwino, osati mayi amene ndamuyankha pamwambapa.

Za kulalikira, Mulungu amene anasankha anthu anasankhanso njira yowafikira, ndiyo pakamwa pa munthu mnzawo (Aroma 10:14). Paulo atakumana ndi chitsutso ku Korinto, Ambuye anamuuza usiku kuti asaope, alankhulebe, chifukwa ali ndi anthu ambiri mumzindamo. Anthuwo n'kuti asanakhulupirire. Paulo sanamve zimenezo n'kulongedza katundu, anakhalako chaka ndi miyezi isanu ndi umodzi akuphunzitsa (Machitidwe 18:9-11).

Ukadzapeza ndalama ya minibasi, udzapite ndi mnzakoyo ku Cape Maclear mukaone manda a amishonale. Gulu la Livingstonia linafika kumeneko mu Okutobala 1875 pa sitima ya Ilala, ndi E. D. Young ndi Robert Laws. Malungo anawatha ena mwa iwo, ndipo munthu woyamba kubatizidwa, Albert Namalambe, anabatizidwa mu Malichi 1881, patapita zaka zoposa zisanu. Chaka chomwecho mishoni inasamukira ku Bandawe. Wowerengera zooneka ndi maso akanati ntchito yalephera. CCAP imene inakhazikitsidwa mu 1924 ili ndi mizu yake ina pamchenga umenewo.

Koma chenjezo ndikupatse iwe ndi anzako. Musaloze nyumba ya munthu aliyense, kaya ndi Msilamu kaya ndi chidakwa cha pamsika, n'kunena kuti uyu Mulungu sanamusankhe. Simukudziwa. Tsiku limene Stefano ankaponyedwa miyala, palibe Mkhristu wa ku Yerusalemu amene akanaloza mnyamata wosunga zovala uja, Saulo, amene ndiye Paulo, kuti ameneyu adzalemba makalata amene tikuwerenga lero. Muzigogoda mwaulemu, akakukanani muzitsanzika mwaulemu, ndipo kukagwa maliro pakhomo limene anakukananilo muzikhala oyamba kufika ndi khasu.